Kaseti ya ku Iceland ndi Makutu a Lusiyano

Anthu akandifunsa chimene ndinabwera nacho kuchokera kunyanja ya mchere, ndimawaonetsa zala zangazi. Ziwiri sizipindika, zinaferatu ndi kuzizira. Akafunsa kuti chinanso n'chiyani, ndimati kaseti. Amaseka, amayesa ndi nthabwala za nkhalamba. Aseke. Ine sindinaphunzire kulemba imvi zitayamba kale kuti ndiziseketsa anthu.

Ndinabadwira m'malayini a esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, m'nyumba ya chipinda chimodzi imene palibe wa ife anaitchulapo kuti yathu. Agogo anachokera ku Mozambique wapansi, atasenza mphasa ndi Chilomwe chawo. Ana aamuna tinalipo awiri, ine ndi mng'ono wanga Lusiyano, ndipo tonse tinalowa m'munda wa tiyi ndevu zisanamere. Ntchito yake sisintha: masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, chiperoni chikukulowa m'mafupa, mpaka ukwanitse mgwazo wa tsikulo.

Nditakwatira ndinalowa mpingo wa Sabata, choncho tiyi amene ndamuthyola theka la moyo wanga sindimwa. Kumishoni kunali sukulu ya kwacha. Ndinakhala pabenchi limodzi ndi amayi obereka ana kumsana, ine munthu wa zaka pafupifupi makumi anayi, kugwira pensulo ngati ndikusema mpini. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anaona khama langa, anayamba kundiwonjezera Chingerezi. Chingerezi chimenecho ndicho chinandipatsa ukapitawo. Anandipatsa jekete lamvula lachikasu, wezulo, ndi ndodo yoyezera msinkhu wa tiyi. Ndinkayenda m'mizere khosi lili gwa, ngati tiyi yenseyo ndinabzala ndine.

Lusiyano sanapondeko kusukulu. Anali ndi gitala yokhoma yekha: chigubu cha mafuta a galimoto, thabwa, ndi mawaya a mabuleki a njinga. Mawu ake sanali okoma monga amafunira a kwaya. Anali osasa, okhakhala, ngati khasu likukanda pamwala. Koma akakhala pashedi ya sikelo masana, anthu akudikira thirakitala, n'kuyamba kumenya waya wamkulu ndi chala chachikulu, ngakhale amayi okanganirana malo pamzere ankasiya mkangano.

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, anthu anaganiza kuti pakamwa patseguka paliponse, ndi pa esiteti pomwe. Lusiyano anapeka nyimbo ya ndime zitatu, yonse m'Chilomwe. Ndime yoyamba inkati tsamba likwera sitima kupita kwa azungu, mwana wa wothyola akumwa madzi otentha opanda kanthu. Yachiwiri inkati galu wa bwana akatsokomola amakwera galimoto kupita ku Blantyre, mkazi wa m'malayini akuberekera pansi pa bulugamu. Yachitatu inkanena za ine. Dzina sanatchule, koma kapitawo wa jekete lachikasu, wobadwa mimba imodzi ndi woimbayo, analipo mmodzi yekha. Ikafika ndime imeneyo anthu ankaseka akundiyang'ana, ine ndili chilili ndi wezulo wanga pakhosi.

Bwana wa divisheni yathu anali mzungu watsopano. Chichewa chake chinali cha "bwera kuno" ndi "fulumira", Chilomwe ndiye ngakhale liwu limodzi. Tsiku lina anaimitsa njinga yake yamoto pashedipo, n'kuzimitsa injini kuti amve. Ndinaona nsapato yake ikugunda pansi motsatira gitala. Nyimboyo anaikonda, ndikunenetsa. Anandikodola n'kundiuza m'Chingerezi kuti munthu uyu ali ndi mphatso, mwina adzakaimbe kukalabu pa Khirisimasi. Kenako anafunsa funso limene landitsata mpaka lero.

"Kapitawo, akuti chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti akuimba za mvula, kapena za mkazi amene anamuthawa. Kapitawo aliyense wanzeru akanatero. Ndi mmene makolo athu ankakhalira ndi azungu kuyambira kale: nyimbo ndi yathu, bwana amve gitala. Koma ine mtima unali utatupa ndi kuseka kwa anthu kuja, ndipo Chingerezi chinkandiyabwa pakamwa. Ndinamuuza kuti pano pali phokoso, ndikamufotokozera bwino kuofesi. Ndiye kuti ndinali ndi ola lathunthu loti ndiganize. Ndinaganiza, ndipo ndinapita. Pakhonde la ofesi, chipewa chili m'manja, ndinamumasulira ndime yoyamba ndi yachiwiri, liwu ndi liwu, mosamala ngati ndili pamayeso. Yachitatu ndinaisiya.

Mlungu usanathe kunabwera pepala loti Lusiyano akuthyola masamba okalamba ndi timitengo, akuwononga tiyi. Linali bodza. Pa divisheni yonse panalibe dengu loyera kuposa lake. Pepalalo linkafuna dzina la kapitawo, ndipo ndinasaina. Dzina limene ndinavutika miyezi kuliphunzira ndinalilemba bwino kwambiri tsiku limenelo, popanda kufufuta.

Pa esiteti ntchito ikatha, nyumba yathanso. Katundu anamutulutsira pamsewu kukugwa mvula. Lusiyano, mkazi wake Esinati ndi ana awo anayi anapita kwawo kwa mkaziyo ku Goliati. Ine ndinathandiza kumanga mitolo. Anthu ankatukwana kalaliki wa kuofesi, ena mlonda, kuti ndiwo ananena, ine ndikugwedeza nawo mutu. Ponyamuka Lusiyano anandigwira dzanja.

"Tsalani bwino, achimwene. Musamale jeketelo, mvula ya kuno ndi yoipa."

Sindinadziwe ngati akudziwa kapena ayi, ndipo kusadziwako ndinayenda nako zaka zonse zimene ndikulembazi.

Sipanapite zaka ziwiri, esiteti inachepetsa antchito. Bwana yemwe uja ndiye anandiuza kuti ntchito yanga yatha, osadzutsa n'komwe mutu papepala. Jekete ndi wezulo ndinakabweza kusitolo ya kampani, ndipo wa kusitoloyo analitembenuza kuona ngati ndaling'amba. Mtengo wa m'bale wanga unali umenewo. Ndinasiya mkazi wanga ndi ana kwawo ku Nsabwe, n'kukwera thiraki ya ku Joni. Za ku Joni sindilemba: kulondera, kukumba, kuthawa apolisi. Mnzanga wina wa ku Mulanje ndiye anandiuza kuti ku Namibia sitima za nsomba zikufuna anthu osaopa kuzizira. Ndinati munthu wokulira m'chiperoni angaope chiyani. Ndinali chitsiru.

Ku Walvis Bay kumbuyo ndi mchenga, kutsogolo ndi madzi, maso a munthu wa ku Thyolo alibe pobiriwira popumira. Kuhositelo tinkagona asanu ndi atatu m'chipinda, fungo la nsomba lili m'bulangete, m'buledi, ndi m'Baibulo momwe. Panyanja tinkatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi osaona mtunda. Khoka likakwera, nsomba zinkatsetserekera pansi pamene tinkaima pamzere: kudula mutu, kutumbula, kuponya m'thireyi, kukankhira m'firiji. Mutu, matumbo, thireyi. Tsiku lina ndinaseka ndekha, poona kuti masamba awiri ndi kansonga anditsata mpaka kuno, angosintha fungo. Sabata kunalibe. Nditapempha kuti Loweruka ndizipuma, kapitawo wa kumeneko anati nsomba sizidziwa Sabata. Ndinayang'ana jekete lake. Linali lachikasu.

Anthu a pamzerewo sindidzawaiwala. Ambiri anali a komweko, ena a ku Angola, ndipo sitinkamvana chinenero, koma munthu akagwa ndi mafunde anzake ankamudzutsa mpeni usanamubaye. Tsiku limene golovesi yanga inabooka, ine osamva kuti dzanja lauma, mnzanga wa ku Angola ndiye anaona. Anatsegula malaya ake n'kuika dzanja langalo m'khwapa mwake, akunditukwana m'Chipwitikizi, mpaka zala zitatu zinadzuka. Ziwiri zinakana. Munthu ameneyo sindinayamwe naye bele limodzi. Ndinkati ndikamuyang'ana, manyazi ankandiwotcha kuposa zalazo.

Popeza mpeni sindinkathanso kuugwira bwino, ananditsitsira ku injini, kupukuta mafuta ndi kuthira girisi. Akuluakulu a sitimayo anali azungu a ku Iceland, dziko la madzi oundana kumpoto kwenikweni, anthu obadwira m'nsomba monga ife timabadwira m'tiyi. Dzina la injiniya linatikanika tonse, tinkangomuti Ndevu. Anali munthu wamkulu thupi, wosalankhulalankhula, wofiira m'maso. Pakhoma la kachipinda kake ka zitsulo anamangirira wailesi ya kaseti ndi waya kuti isagwe ndi mafunde. Kaseti inali imodzi yokha. Ikatha ankaitembenuza.

Milungu yoyamba sindinkamva kanthu koma injini. Tsiku lina m'mawa tili padoko, injini atazimitsa kuti tikonze pampu, ndi pamene ndinamumva bwinobwino munthu wa m'kasetiyo.

Munali munthu mmodzi, gitala imodzi, ndi kalimba kouzira pakamwa. Ng'oma munalibe, akazi ovomereza munalibe. Ankayamba ndi waya wamkulu, du, du, du, pang'onopang'ono ngati munthu wosenza thumba akukwera chitunda, timawaya tating'ono tikulira pamwamba pake, nthawi zina akutikoka mpaka tilire ngati chitseko cha dzimbiri. Kenako mawu. Osasa, okhakhala, ngati wameza mchenga, koma osasochera. Ankayamba chapansipansi ngati akukuuza nkhani ya m'nyumba, mzere womwewo kuubwereza kawiri, ndipo pachitatu ankaung'amba pakhosi, kukuwa ndithu, kenako n'kungousiya. Chete. Unkamva zala zikukhwekhwereza pawaya, unkamva akukoka mpweya. Pamene mawu athera kalimba kaja kankatenga, kulira ngati sitima ya pamtunda ili kutali. Chinenero chake sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Koma ndinaima sipanala ili m'manja, chifukwa khasu lokanda pamwala lija ndinkalidziwa.

Kwathu tikamva nyimbo ya azungu timayembekeza zosalala, zothira mafuta. Uyu sanathire kanthu. Akaphonya waya ankasiya momwemo, osabwerera kukakonza. Sankakupempha kuti uvine, sankakupemphanso kuti umumvere chisoni. Ankangokhala pafupi nawe ngati munthu amene watopa mofanana ndi iwe. Patapita miyezi ndinaidziwa kaseti yonse, pamene akuwa, pamene atsokomola, pamene tepi inapindika. Ndinkaimba nawo chapakhosi. Ndevu anaona, ndipo ndikalowa ankakweza wailesi. Ubwenzi wathu unali umenewo.

Nyimbo yachinayi ya mbali yoyamba ndiyo inkandilasa mtima. Tsiku lina ikuimba, jombo yanga ikugunda pachitsulo, ndinamufunsa m'Chingerezi changa chija.

"Bwana Ndevu, akuti chiyani?"

Mawu atangotuluka ndinayang'ana phazi langa. Linali likugundabe, ngati nsapato ya bwana uja pashedi.

Ndevu sanaone kanthu. Anapukuta manja, anakhala pachigubu, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula zambiri. Anati woimbayo asanatchuke anali wantchito, wotumbula nsomba, wogona m'mahositelo ngati athuwa. Anati kaimbidweko anatengera kwa anthu akuda a ku Amereka, a m'minda ya thonje, n'kuthiramo mawu ndi kuzizira kwa kwawo. Nyimbo imeneyi, anati, akutukwana mwini fakitale.

"Ndiye anamuchita chiyani?" ndinafunsa.

"Ndani?"

"Eni fakitalewo. Anamuchotsa ntchito? Anamutulutsira katundu pamsewu?"

Ndevu anaseka mpaka kutsokomola. "Kumuchotsa? Kwathu amamuika pawailesi tsiku lililonse. Eni mafakitalewo akaledzera amaimba nawo, ena mpaka misozi."

Ndinaponya sipanala pansi, inalira chipinda chonse. Ndinamuuza kuti zimenezo ndi zachibwana. Kuti munthu wanuyo akulirira otumbula nsomba, inu mukumumvera muno motentha, pamwamba pathupa anthu akuda akuuma zala. Kuti inu mumadyera patebulo la nsalu, ife tikudya chilili. Kuti kwanu mkwiyo ndi wogula m'sitolo, womwera mowa, pamene kwathu mkwiyo womwewo, gitala yomweyo, mawu omwewo, ana anayi amanyowa pamsewu. Ndinayamba m'Chingerezi, ndinamalizira m'Chilomwe, ndikuloza wailesi ngati ndiyo inasaina pepala lija.

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anafunsa kuti ana a ndani ananyowa pamsewu. Ndinamuuza zonse. Munthu woyamba padziko lapansi kumva nkhani imeneyi anali mzungu wa ku Iceland, m'mimba mwa sitima, m'Chingerezi chothyokathyoka. Ndinkafuna andiuze kuti zinapita, munthu aliyense amalakwa. Sanatero.

"Unachita zoipa kwambiri," anatero, n'kubwerera kupampu yake.

Ndinamuda mwezi wathunthu. Wailesi ankakwezabe ndikalowa.

Kunyumba ndinkatumiza zimene ndikanatha. Mkazi wanga anafolera nyumba ndi malata, ana anapita kusekondale. Ku Goliati ndinatumiza mabulangete, nsapato, kenako njinga. Esinati ankalembetsa kalata yothokoza ya mizere itatu. Za Lusiyano ankangoti ali bwino, anapeza ntchito pachigayo. Za gitala sanatchulepo, ine osafunsanso.

Kontirakiti yake itatha, Ndevu anamasula waya uja pakhoma n'kundipatsa wailesi pamodzi ndi kaseti. "Ukamumvetse m'bale wakoyo," anatero. "Iye adzamva zimene iwe ndi ine sitimva." Ndinakhalabe zaka zina, mpaka dokotala wa kampani anati chifuwa changa chatha ntchito. Kaseti ndinaisunga m'sokosi, osaiimbanso, kuopa kuti ingaduke isanafike kwa mwini wake.

M'basi njira yonse ndinkakonza mawu. Ndidzamutengera kuseri, m'nthochi, awiriwiri. Ndidzamuimbira kasetiyo. Ikadzamufewetsa mtima, ndidzamuuza chapansipansi, palibe adzamve, ngakhale mlamu wanga. Ndinkafuna chikhululukiro, koma ndinkafuna chotsika mtengo.

Nditafika ku Thyolo tiyi anali chimodzimodzi, wobiriwira, wometedwa bwino, ngati palibe amene analirirapo. Zinandinyansa. Mkazi wanga anandilandira ngati mlendo wolemekezeka, wogwadira ndi wosamudziwa. Ana anga anali ndi mafoni m'matumba, ndipo ataona wailesi ya kaseti anafunsa ngati kumene ndinali kunalibe zatsopano. Tsiku lachitatu ndinakwera minibasi ya ku Goliati.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Esinati ankapeta nandolo pabwalo pamodzi ndi amayi atatu oyandikana nawo, ndipo pansi pa mtengo wa mapeyala amuna awiri ankamata chubu cha njinga.

"Alamu! Mwabwera? Ife tinkati nsomba zinakudyani kalekale."

Lusiyano anali pakhonde, atatifulatira, akuluka dengu. Dengu lothyolera tiyi, logulitsa kwa a pa esiteti. Ndinamuitana. Sanacheuke. Ndinaitananso mokweza. Mtima unati mkwiyo wake uja ndi umenewu.

"Musavutike, alamu," anatero Esinati. "Chigayo chinawadya makutu. Zaka zonsezi ali pafupi ndi injini kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukafuna amve, muziika pakamwa pakhutu lakumanzere n'kukuwa ngati mukuitana munthu kutsidya kwa mtsinje."

"Osandilembera bwanji?"

"Mukanatumiza makutu?"

Anakamugwira paphewa. Lusiyano anatembenuka, ndipo ndinaona nkhalamba yoposa ine, mng'ono wanga.

"Achimwene!" anakuwa, monga amalankhulira anthu osadzimva. "Jekete lija munalisiya kuti?"

Amayi aja anaseka. Ndinafunsa Esinati za gitala, anati mawaya anamangira khola la nkhuku, chigubu amasungiramo mbewu ya nyemba.

Ndinakhala pakhondepo wailesi ili pamiyendo, ngati chitsiru. Ndinayenda nayo maiko anayi. Ndinakwiyira chigayo, ndinakwiyira esiteti, ndinakwiyira Ndevu ndi mawu ake akuti iye adzamva, ndinakwiyira ndi woimba yemwe, amene kwawo anamusiyira makutu ake ndi nyumba yake. Mmodzi yekha ndinkamuzemba, amene anakhala pakhondepo atavala malaya anga: ine mwini.

"Chimenecho n'chiyani?" Lusiyano analoza.

Ndinaika mabatire, ndinapititsa tepi mpaka panyimbo yachinayi, n'kukweza mpaka pothera. Mawu osasa aja anadzaza bwalo.

"Ameneyu ali ndi chifuwa chachikulu?" anafunsa mmodzi wa amayi aja.

"Ayi, mzungu akulira maliro," anatero wa njinga.

Lusiyano anailanda wailesi n'kuikumbatira pachifuwa, chikhatho chili pasipika. Anatseka maso. Patapita kanthawi chala chake chachikulu chinayamba kugunda pabondo, du, du, du, ndendende ndi gitala, ngakhale pamene woimbayo amachedwerapo dala.

"Ameneyu amadziwa!" anakuwa. "Sathamanga. Akumenya waya ngati ali naye mlandu. Ndi wa kuti?"

Ndinaika pakamwa pakhutu lake. "Ku Iceland!"

"Kuti?"

"Kutali!"

"Wakwiya," anatero. "Ndikumumva m'nthiti. Ameneyu anagwirapo ntchito ya munthu." Kenako anatsegula maso n'kundiyang'ana, osaphethira. "Achimwene, inu odziwa zinenero. Akuti chiyani?"

Ndinayang'ana pabwalo. Amayi anayi, amuna awiri. Nthochi zanga za kuseri, mawu anga a chapansipansi, zonse zinagwera pomwepo. Munthu uyu sadzamvanso kunong'ona mpaka kumanda. Panatsala ziwiri: ndikuwe, kapena ndife nazo.

Ndinawerama pakhutu lakumanzere.

"Ndine ndinamasulira nyimbo yako kwa bwana!"

"Mwati?"

Mulungu amadziwa kulanga. Ndinakoka mpweya ndi chifuwa changa chakuthacho, ndinakuwa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

"Ndine ndinakupereka! Si kalaliki! Si mlonda! Ndine! Pepala lija ndinasaina ndine!"

A njinga anasiya chubu. Kaseti inkaimbabe. Esinati anaimirira, nandolo akukhuthuka m'lichero.

"Inu? Inu amene munatimangira mitolo? Ana anga akunyowa pamsewu paja, inu mukugwedeza mutu kutukwana kalaliki? Mabulangete anu ndinkafunda ndikukupemphererani! Makutu awa si chigayo chinadya, mwadya ndinu!"

Analavula pafupi ndi phazi langa. Sindinalisunthe.

Lusiyano sanadabwe n'komwe. "Ndimadziwa," anatero. "Ndinakuonani pakhonde la ofesi, chipewa chili m'manja. Kalaliki uja anali wa ku Kasungu, Chilomwe akanachitenga kuti?"

Esinati anamugwira phewa n'kukuwa pakhutu lake. "Ndiye zaka zonsezi osandiuza bwanji?"

"Ndinkadikira anene okha. Pakamwa ali napo, tinaona."

Anazimitsa wailesi n'kuiika pansi mosamala.

"Koma bwana uja munamubera, achimwene. Atandiitana muofesi anandiwerengera ndime ziwiri. Nyimbo inali ya zitatu. Ntchito yanu munaisiya yosamaliza. Ine kaimbidwe kake kanandithawa, m'mutu muno muli chigayo chokhachokha. Imbani."

Ndinapukusa mutu, kuti ndinaiwala. Linali bodza. Ndime imeneyo ndinkaiimba mumtima ndikutumbula nsomba, ndikuthira girisi, ndikupemphera. Anatambasula dzanja, chikhatho chokhakhala ndi nsungwi chija n'kuchiika pakhosi panga, monga anachitira ndi sipika.

"Imbani. Mukanama ndimva."

Ndinaimba. M'Chilomwe, masanasana, pamaso pa mlamu wanga ndi anthu osandidziwa, ndi mawu a nkhalamba osasa ndi mchere. Ndiilembe pano m'Chichewa, kuti kumasulira kumene ndinayamba pakhonde la ofesi kuthe lero:

Kapitawo wa jekete lachikasu,
tinayamwa bele limodzi.
Lero ununkhiza dengu langa
ngati galu wa bwana.
Adzakuvula jekete mvula isanathe,
udzabwera kwa ine uli nyowe,
ndipo ndidzakufunsa
ngati amayi ukuwakumbuka.

Chala chake chinkagunda pafupa la pakhosi panga, du, du, du. Palibe anaseka. Nditamaliza sanachotse dzanja.

"Mwathamanga," anatero. "Wa m'kaseti uja sathamanga. Yambaninso."

Esinati sanandipatse ngakhale madzi akumwa tsiku limenelo, ndipo mpaka lero moni wanga sayankha. Sindimuimba mlandu. Ku Goliati konse amandidziwa, ndikatsika minibasi ogulitsa tomato amakodolana. Wailesi inatsala komweko. Lusiyano sananenepo kuti wandikhululukira, ine sindinafunse, chifukwa funso limenelo nalonso liyenera kukuwa, ndipo yankho lake ndikuliopa.

Lamlungu lililonse ndimapita ndi mabatire atsopano. Amayamba ndi wa ku Iceland uja, atamukumbatira pachifuwa, maso ali tseke, mpaka mbali yoyamba ithe. Kenako amaika wailesi pansi n'kutambasula dzanja. Ine ndimasendeza khosi.

Akuti ndikuthamangabe.